Mmene ndinatsatira penti ya buluu m'nkhalango ya ku Barbizon

Mayi amene ndinagona kunyumba kwawo ku Barbizon, mudzi wa ku France wa m'mphepete mwa nkhalango ya Fontainebleau, atandiona ndikumanga zingwe za nsapato m'mawa uja, anandifunsa funso limodzi lokha: "Mwana wanga, mapu uli nawo?" Ndinawaonetsa foni. Anapukusa mutu, n'kulowa m'nyumba, n'kutuluka ndi pepala lopindapinda, lothaitha m'makona. Anali mapu a IGN, bungwe la boma lopanga mapu, nambala 2417 OT, osonyeza nkhalango yonse ya Fontainebleau. Pa mapu amenewa masentimita 4 ndi kilomita imodzi, ndipo kanjira kalikonse kalipo. Anati foni ikhoza kutha moto kapena kusowa netiweki pakati pa miyala, koma pepala silizima.

Ndinali nditafika dzulo lake kuchokera ku Paris. Ulendo wake ngwosavuta: mukwera sitima ya mzere R pa Gare de Lyon, ndipo pakatha mphindi pafupifupi 40 mwatsika pa Fontainebleau-Avon. Chovuta ndi chotsalacho. Barbizon ilibe siteshoni, mabasi ngosowa makamaka Lamlungu, choncho makilomita pafupifupi 10 omaliza aja ndinakwera takisi. Ngati mukufuna kupita, nkhani ya thiransipoti yobwererayi muikonzeretu musanachoke.

Mudziwo ndi msewu umodzi wautali, Grande Rue, nyumba zamiyala mbali ino ndi inayo. Ndinayamba ndalowa mu bekale kugula buledi ndi tchizi, ndinadzazanso mabotolo awiri a madzi, chifukwa m'nkhalangomo mulibe mjigo kapena mtsinje woti munthu n'kumwapo. Dothi lake ndi mchenga, mvula ikagwa imangolowa pansi. Ndinadutsa pa Auberge Ganne, nyumba ya alendo yakale imene anthu ojambula zithunzi ankagonamo, lero ndi nyumba yosungira mbiri yawo. Jean-François Millet anadzakhala m'mudzi muno mu 1849 mpaka anamwalira mu 1875, ndipo mnzake Théodore Rousseau ankakhala pa msewu womwewu. Msewu ukangotha, mitengo yayamba. Pang'ono chabe mutalowa mupeza nkhope za awiriwa zosulidwa pa chitsulo, zomatidwa pa thanthwe. Ojambulawa ndi amene analimbana kuti mitengo yakale ya thundu isadulidwe, ndipo mu 1861 boma linapatula mahekitala oposa 1,000 kuti nkhwangwa isafikepo. Ndinaima pamenepo kanthawi, chifukwa mthunzi umene ndinali pansi pakewo unapulumuka kaamba ka anthu amene ankangofuna kuujambula.

Kwathu ndinakwerapo phiri la Mulanje, ndipo kumeneko umayenda pambuyo pa munthu wodziwa njira. Kuno wokulondolera ndi penti. Ichi ndiye chinthu chimene muyenera kuphunzira musanaponde mchenga, ndipo n'chosavuta munthu akakufotokozerani kamodzi. Pa makungwa a mitengo ndi pa miyala anapakapo timizere. Woyera pamwamba, wofiira pansi, imeneyo ndi GR, njira yaitali yotenga masiku ambiri. Wachikasu wokha ndi njira yaifupi ya tsiku limodzi. Kamzere kakapindika ngati chigongono, kakukuuzani kuti mukhote, ndipo kaloza komwe mukhotere. Mizere iwiri ikapingasana, ndiye kuti njira imeneyo si yanu, bwererani.

Koma nkhalango iyi ili ndi mtundu wakewake, wa buluu. Anauyambitsa ndi Claude-François Denecourt, amene kale anali msilikali wa Napoléon. Kuyambira mu 1842 bamboyu ankayenda ndi chitini cha penti, kulambula tinjira pakati pa matanthwe, kumanga masitepe amiyala, kupatsa malo mayina. Iye atamwalira mu 1875, Charles Colinet anapitiriza, ndipo lero anthu ongodzipereka a bungwe la Amis de la Forêt de Fontainebleau ndi amene amabwereza pentiyo ikafufuma. Ine ndinasankha njira nambala 6, yozungulira Gorges d'Apremont.

Ola loyamba linayenda bwino. Pansi pa mitengo ya thundu panali chinyontho ndi fungo la masamba owola, kenako nthaka inakwera, mitengo inasintha kukhala paini, ndipo ndinatulukira pa mchenga woyera mbee, wosalala ngati ufa wosefa. Mchengawu unasiyidwa ndi nyanja imene inali pano zaka zoposa 30 miliyoni zapitazo, ndipo pamwamba pake unaumbana n'kusanduka mwala. Mwalawo utasweka, zidutswa zake zinagubuduka m'zitunda, n'chifukwa chake matanthwe ali balala, ena aakulu ngati nyumba. Denecourt sankakonda njira yowongoka. Amakulowetsa pa mpata wa miyala iwiri woti chikwama uchivule kaye, kenako akukweza, akutsitsa, akubweza pafupi ndi pomwe unali. Ndinafika pa Caverne des Brigands, phanga la achifwamba, ndinalowa chowerama nditayatsa tochi ya foni. Mkati mukuzizira, mchenga wake wonyowa. Achifwambawo sanakhalemo n'komwe: Denecourt yemweyo ndiye analikumbitsa n'kuliikira nthano kuti alendo azibwera.

Nditachoka pamenepo ndi pomwe ndinasokera. Pa thanthwe lina ndinaona kamuvi ka buluu, pambali pake nambala, ndipo ndinakatsata. Patsogolo panali kena, nambala yotsatira. Ndinayenda mwina mphindi 20, njira ikucheperachepera, mpaka ndinazindikira kuti timivi tonse tikuloza m'mwamba, pamwamba pa miyala yoti sindingakwere. Mtima unayamba kugunda. Mbali zonse kunali kofanana, paini ndi matanthwe, ndipo kadontho ka pa foni kankangodumphadumpha.

Kuseri kwa mwala ndinamva mawu. Anali bambo wina wachikulire, tsitsi loyera, manja ali mbuu ndi choko, atayala matiresi okhuthala pansi pa thanthwe. Ndinawapatsa moni kaye, chifukwa ku France kuyamba funso usananene "Bonjour" ndi chipongwe, monga kwathu komwe. "Pepani bambo, ndataya njira ya buluu." Anaseka mwachifundo n'kundiuza kuti si ine woyamba. Timivi ta manambala tija ndi ta anthu okwera matanthwe. Fontainebleau ndi malo otchuka padziko lonse pa masewera amenewa, ndipo mtundu wa penti umasonyeza kuvuta kwa mwala, osati njira ya oyenda pansi. Chizindikiro changa chinali kamzere chabe, kopanda mutu wa muvi.

Anandiphunzitsa zinthu ziwiri ataimirira pomwepo. Choyamba, ukayenda mphindi zingapo osaona penti yako, usalimbikire kutsogolo poganiza kuti uipeza. Bwerera pomwe unaiona komaliza, uyang'ane bwino kuseri kwa mitengo. Chachiwiri anandionetsa ndi chala: pa mtengo wina m'mphepete mwa kanjira panalembedwa nambala. Nkhalango yonse inagawidwa m'zigawo, chigawo chilichonse ndi nambala yake, ndipo manambala omwewo ali pa mapu a mayi aja. Tinatambasula pepala pa matiresi awo, tinaipeza nambalayo, ndipo ndinaona ndi maso anga kuti ndinali nditapatuka pang'ono chabe. Mphambano zikuluzikulu nazonso zili ndi zikwangwani za mayina. Anati munthu ukavulala n'kuimba 112, nambala ya chigawo kapena dzina la mphambano ndi zimene zimathandiza opulumutsa kukupeza msanga.

Ndinabwerera m'mapazi anga omwe, ndipo kamzere kanga ndinakapeza pa mwala waufupi, cha m'mawondo, pamene ndinadutsa maso ali m'mwamba. Kuchokera apo ndinkayenda mosiyana. Ndikafika pa chizindikiro ndinkaima mpaka nditaona chotsatira, ndiye n'kusuntha. Kuyenda kotere kumachedwetsa, komabe ndi pamene ndinayamba kuona zinthu: nthaka yofukulidwa ndi nguluwe usiku ngati munda wogalauza, ndere zobiriwira pa miyala, bowa wofiira wamadontho oyera amene sindinayerekeze kumukhudza. Nkhomaliro ndinadyera pa chitunda choyang'ana chigwa chonse, nsonga za mitengo zikuyamba kufiira poti unali mwezi wa Okutobala.

Mweziwo ndi nyengo ya uzimba. Bungwe la ONF, losamalira nkhalango za boma, limalengeza masiku ndi zigawo zimene alenje akhalemo, ndipo mayi aja anali atandiyang'anira kale. Mukakumana ndi chikwangwani cholembedwa "Chasse en cours", musalowe, zungulirani. Moto ngwoletsedwa, ndipo mukaona kuuma kwa masamba a paini pa mchengapo simungafunse chifukwa chake. Zinyalala zanu mubwerera nazo m'chikwama.

Ndinatulukiranso pa Grande Rue cha m'ma 4 koloko, mchenga uli tho m'nsapato, mawondo akunjenjemera chifukwa cha masitepe a Denecourt. Mayi aja sanandifunse za kukongola kwa nkhalango. Anandipatsa kapulasitiki kokhala ngati phazi la mbuzi, amati tire-tique, n'kundiuza kuti ndikasambe, ndidziyang'ane thupi lonse. Nkhupakupa za kuno n'zazing'ono kwambiri ndipo zina zimapatsa matenda a Lyme. Ndinapeza imodzi kuseri kwa bondo, yofanana ndi kanjere ka chitowe. Ndinaikola ndi kachipangizo kaja, n'kupotokola pang'onopang'ono osaifinya, ndipo inatuluka yathunthu. Ndinatsukapo ndi mankhwala, ndinalemba tsiku lake m'foni, chifukwa anandilangiza kuti ndiziyang'anapo kwa mwezi wathunthu: pakatuluka chibanga chofiira chomakula mozungulira, ndithamangire kwa dokotala. Sichinatuluke.

Mapu aja ndinawabweza madzulo omwewo tikumwa tiyi. Mayiwo anawatambasula pa tebulo n'kundilozera njira nambala 7, ya ku Franchard, amvekere imeneyo ndiye ya ulendo wotsatira. M'mawa mwake, ndisanakwere sitima, ndinalowa m'sitolo ya mabuku ku Fontainebleau n'kugula mapu angaanga.