Zikomo anansi athu a ku Senga Bay

Amayi athu anatuluka m'chipatala pa 21 Disembala, nyumba isanakonzedwe n'komwe. Inu anansi amene mwakana kuti tikutchuleni mayina, zikomo kwambiri.

Bambo mmisiri ananyika laimu usiku wonse mu ndowa ya malita 20, n'kuthiramo mchere wodzaza manja awiri kuti asamayoyoke munthu akatsamira khoma. Anapaka mopyapyala kawiri, atadikira kuti woyamba aume kaye, chifukwa laimu wokhuthala amang'ambika n'kumatuka, makamaka ndi chinyontho cha mvula ino. Amayi awiri a kumpingo anazira khonde ndi dothi lakuda losefa, n'kulisalaza ndi mwala lisanaumitsitse. Mpaka pano lilibe mng'alu.

Nawe mnyamata wa timagetsi, unakulunga tepi polumikiza paliponse n'kuika batire la sola pamwamba, kutali ndi modontha. Mabaluni sunawapope kwambiri, poti ndi kutentha kwa kunyanja kuno, pansi pa malata amaphulika dzuwa lisanafike paliwombo.

Pa Khirisimasi Amayi anakhala pamkeka pakhonde lomwelo, adzukulu atawazungulira, ndipo anadya mpunga ndi chambo mpaka kumaliza mbale, koyamba chidwalireni.