Sabata ya nkhungu kumapiri: mbatatesi, akalozera ndi ng'ombe ya mkaka

Nkhungu ikamakhala mpaka dzuwa kukwera, mlangizi wa zaulimi kumapiri amadziwa kuti chiwawu cha mbatatesi chili pafupi. Lolemba ndi Lachiwiri tinathera m'minda ya mbatatesi basi.

Chiwawu chimakonda masamba amene agona onyowa usiku wonse, kunja kukuzizira pakati pa madigiri 10 ndi 20. Chimayamba ngati kabala konyowa m'mphepete mwa tsamba, kenako nkuda. Mukatembenuza tsambalo m'mamawa mupeza nguwi yoyera itazungulira balalo. Ndi matenda omwewa amene anadzetsa njala ku Ireland kuyambira 1845, ndipo munda wonse ukhoza kupsa m'masabata awiri. Alimi ambiri amadikira kuti aone mabala ndiye athamangire Dithane M-45, koma mankhwalawa sachiza, amangoteteza tsamba limene lisanagwidwe. Nyengo ngati ino pamafunika kupopera masiku 7 aliwonse, mpaka kunsi kwa masamba, ndi kubwereza ngati mvula yamphamvu yatsuka. Chiwawu chikayamba kale, Ridomil ndiye amathandiza chifukwa amalowa m'mbewu, koma osapitirira kawiri kapena katatu pa nyengo, kuopa kuti matendawa angamuzolowere.

Chimene chinatitengera nthawi ndi china. M'minda ingapo alimi anali atapopera kangapo mbewu zofota, osaona kusintha. Sichinali chiwawu. Mbewu ikafota masamba ali obiriwira opanda bala, nthawi zina mbali imodzi yokha, ganizirani matenda ofotetsa a bakiteriya. Kuyeza kwake nkosavuta: dulani tsinde pafupi ndi nthaka, liviikeni nsonga m'tambula yoonekera mkati ya madzi oyera, musagwedeze. Pakapita mphindi zochepa tiulusi toyera ngati mkaka timatsika kuchokera patsindepo. Mbatatesi yake mukaicheka imakhala ndi mkombero wofiirira mkati. Apa kupopera nkutaya ndalama. Zulani phando lonse ndi dothi lake, mukakwirire m'dzenje lakuya kutali ndi madzi, tsukani khasu musanapite pamzere wina. Pamalopo pasabwerenso mbatatesi, matimati, fodya kapena mabiringanya kwa zaka zosachepera zitatu; dzalanipo chimanga kapena tirigu. Gwero lake kawirikawiri ndi mbewu yosungidwa kuchokera m'munda wodwala.

Lachitatu tinakonza akalozera pamunda wotsetsereka pomwe madzi anadula mizere. Vuto linali la A-felemu yosayezedwa, chipangizo cha mitengo chooneka ngati chilembo A, chokhala ndi chingwe cholendewera, chopezera mulingo pamunda. Musanayambe, imikani miyendo yake pansi, chongani pamtengo wopingasa pamene chingwe chagwera, tembenuzani miyendo ilowane malo, chonganinso. Pakati pa zizindikiro ziwirizo ndiye pali mulingo. Mukalumpha zimenezi kalozera amapendekeka, madzi nkusonkhana malo amodzi. Udzu wa vetiva timadzala motalikana masentimita 10 mpaka 15 pakalozerapo.

Lachinayi kunali ng'ombe ya mkaka, yosakanizidwa ndi Friesian, imene inasiya kudya. Kutentha kwa thupi kunapitirira madigiri 40, pomwe yabwinobwino imakhala pakati pa 38 ndi 39. Mwanabere pansi pa khutu ndi kutsogolo kwa phewa anali atatupa. Zizindikirozi ndi za East Coast Fever, imene imafalitsidwa ndi nkhupakupa zofiirira zokonda m'makutu. Mwini wake anadabwa chifukwa ng'ombeyo situluka m'khola, koma nkhupakupa zimabwera ndi udzu womweta kumene ng'ombe zina zimadya. Popopera mankhwala a nkhupakupa, ambiri amanyowetsa msana okha, nkusiya m'makutu, pansi pa mchira ndi kuzungulira bere. Dokotala wa ziweto anaibaya mankhwala a buparvaquone. Mankhwalawa amagwira bwino akabayidwa msanga. Ng'ombe ikayamba kubanika ndi kutuluka thovu m'mphuno, mapapo adzaza madzi ndipo nthawi zambiri imafa. Mkaka wa ng'ombe yobayidwa sugulitsidwa mpaka masiku olembedwa pabotolo atakwana.

Lachisanu linali la katemera wa chitopa, I-2, dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, ngakhale anapiye, kubwereza pakatha miyezi inayi. Nkhuku zodwala kale sitinazitemere. Masana tinabwerera kwa amene akuyembekeza kukumba mbatatesi: adule masamba onse masabata awiri asanakumbe, kuti khungu likhwime ndiponso chiwawu chisatsikire pansi nkukaoletsa mbatatesi m'nkhokwe.