Kamakina ka TENS pa mapazi oyaka moto: momwe kamagwirira, ndi pomwe kamalekezera

Mapazi akamayaka moto usiku, kubaya ngati singano, kapena kuchita dzanzi kuyambira kuzala kukwera m'mwamba, nthawi zambiri vuto silikhala m'mafupa. Imakhala mitsempha yopereka uthenga ku ubongo yomwe yawonongeka, ndipo ikungokuwa kuti kwapweteka pomwe palibe chabaya. N'chifukwa chake panado, brufen ndi diclofenac sizithandiza kwenikweni pa ululu wotere. Munthu amangotopetsa impso ndi m'mimba. Apa ndi pomwe timakina ta TENS timalowera, tija mumatiwona tikutsatsidwa pa Facebook ndi m'mafamase ena.

Kamakinaka n'kakang'ono kokwana m'thumba, kali ndi mawaya opita ku mapadi omata pakhungu. Kamatumiza mphamvu yochepa ya magetsi yomwe imanyerenyetsa. Maganizo ake anachokera kwa Ronald Melzack ndi Patrick Wall, amene mu 1965 anafotokoza kuti uthenga wa kukhudza ndi wa ululu zimalimbirana njira mu msana, ndipo wa kukhudza ukachuluka umatsekereza wa ululu. Ndi zomwe zimachitika mukagunda chigongono n'kuyamba kupasisita. Kamakinaka kamangotsekereza basi. Sikachiza mtsempha, ndipo kwa ambiri mpumulo umatha mphindi kapena maola ochepa mukazimitsa. Ofufuza a Cochrane, bungwe losanthula kafukufuku wa zaumoyo, ataunika kafukufuku amene analipo mu 2017, anapeza kuti umboni woti TENS imathandiza pa ululu wa mitsempha ndi wofooka kwambiri. Ena kamawathandiza ndithu, ena ayi. Ngati kuli kotheka, yambani mwakayesa kwa a physiotherapy ku Mzuzu Central Hospital kapena kulikonse komwe ali nako, musanatulutse ndalama.

Cholakwika chachikulu ndi kumata mapadi pomwe pakupwetekapo. Pa phazi la dzanzi simumva mphamvu ikachuluka, ndiye mumangowonjezerabe mpaka khungu kupsa, ndipo kwa munthu wa shuga kabala kotero kamatha kukhala chilonda chosapola. Tsinzinani, wina akukhudzeni ndi thonje kuyambira kuzala kukwera. Pomwe mwayamba kumva bwinobwino, pamenepo ndi pomwe pakuyambira malo a mapadi. Kwa ambiri ndi pa katumba, m'munsi mwa bondo. Mapadi a masentimita 5 mbali zonse ndi okwanira. Awiri pa mwendo umodzi, otalikirana masentimita osachepera 3, osakhudzana, komanso osati pa fupa lenileni la msongolo.

Tsukani khungu ndi sopo, liume. Musadzolepo kanthu. Nyengo yozizira kuno ambiri amadzola Vaseline kapena glycerine miyendo yonse, ndipo mafuta amenewo ndi amene amapha mapadi msanga: samata, kona imodzi imatukuka, mphamvu yonse imaunjikana pa kachigawo kotsala, n'kuyamba kuluma ngati mavu. Ubweya udulidwe ndi sizasi, osati lezala, poti timabala ta lezala timawawa magetsi akadutsa. Matani mapadi kamakina kali kozimitsa. Pa kamakinako, ikani frequency (kuchuluka kwa kugunda kwa magetsi pa sekondi) pakati pa 80 ndi 100 Hz, pulse width (kutalika kwa kugunda kulikonse) pa 100 mpaka 200 µs. Kenako kwezani mphamvu pang'onopang'ono mpaka kunyerenyetsako kumveke kwamphamvu koma kosapweteka, mnofu usakudumpha. Pakatha mphindi 5 kapena 10 thupi limazolowera ndipo mumamva ngati kafooka, onjezeraniko pang'ono. Ambiri amene amati sikagwira ntchito amakhala atakasiya pa mphamvu yongogirigisha. Mphindi 30 mpaka 60, kawiri kapena katatu patsiku, makamaka madzulo ululu usanafike pachimake. Pakapita masabata kakayamba kuchepa mphamvu, sinthani kupita pa 2 mpaka 4 Hz, pomwe mnofu umadumphadumpha pang'ono, kwa mphindi 20 mpaka 30, kapena gwiritsani batani la modulation, lomwe limasinthasintha kagundidwe ka magetsi lokha, ngati lilipo.

Mukamaliza zimitsani kaye, matulani pogwira padi osati waya, bwezerani pa pulasitiki yake. Kadontho ka madzi kamadzutsa ulimbo wake ukayamba kuuma. Mapadi amatha pakatha maulendo 20 kapena 30, choncho musanagule kamakina funsani ngati mapadi ake amapezeka ndiponso ngati pini ya waya ndi yofala. Ka mabatire a AAA kapena 9V kali ndi ubwino wake magetsi akathima. Kotchaja n'kopepuka koma batire yake ikafa, katha.

Pali ena osayenera kukayandikira n'komwe: amene ali ndi pacemaker (kachipangizo kothandiza mtima kugunda) kapena kachipangizo kena ka magetsi m'thupi. Amayi oyembekezera ndi odwala khunyu afunse kaye adokotala. Osamata kutsogolo kwa khosi, kumutu, pachifuwa modutsa mtima, pachilonda, kapena pa mwendo umodzi womwe watupa ndi kutentha mwadzidzidzi, poti mwina magazi aundana m'kati. Osayendetsa galimoto kapena njinga yamoto kali koyaka, osasamba nako.

Timakina tovala tsiku lonse, monga Quell yomwe inapangidwa ndi kampani ya NeuroMetrix, yomangidwa ndi lamba pa katumba, ndi TENS yomweyo yoikidwa m'chovala. Kusiyana kwake n'koti imadziyatsa ndi kudzizimitsa yokha. Mu 2020 kampaniyi inalipira madola 4 miliyoni ku bungwe la Federal Trade Commission ku America chifukwa chotsatsa kuti kamakinako kamachotsa ululu thupi lonse popanda umboni wokwanira. Mukawona chotsatsa chonena kuti chimadzutsa mitsempha yakufa, kumbukirani nkhani imeneyi. Kwa ine, ka mawaya wamba kotchipa kamapereka zambiri mwa zomwe chodulacho chimapereka.

Koma chachikulu kuposa zonsezi ndi kupeza chomwe chikudya mitsempha, poti mukamaphimba ululu osachipeza, dzanzi limapitirira kukwera. Shuga ndiye woyamba kuyezetsa, ndipo ngati HbA1c (kuyeza koonetsa mmene shuga wakhalira miyezi iwiri kapena itatu yapitayi) ikupezeka ndi yabwino kuposa kuyeza kwa tsiku limodzi. Amene amwa metformin, mankhwala a shuga, zaka zambiri akhoza kuchepa vitamini B12, chimodzimodzi amene nyama, mazira ndi usipa sazipeza kawirikawiri. Isoniazid, amene ali mu mankhwala a TB ndi oteteza TB, amafunika kuyendera limodzi ndi pyridoxine (vitamini B6), kawirikawiri 25 mg patsiku. Kam'bulu kameneka kakasowa kapena kakanyozedwa, mapazi amayamba kuyaka. HIV payokha imawononga mitsempha, ndipo ena amene anamwa ma ARV akale okhala ndi stavudine anatsala ndi vutoli ngakhale anasinthidwa kalekale. Kachasu ndi mowa wambiri, vincristine wa khansa, khate, ndi mashingozi nazo zili m'gulu lomwelo. Musasiye nokha mankhwala a TB kapena ma ARV. Kanenani ku kiliniki.

Pa mankhwala, amitriptyline ndiye amapezeka kwambiri m'zipatala zathu. Amayambira pa 10 mpaka 25 mg, kumwa maola awiri musanagone, ndipo adokotala amakweza pang'onopang'ono. Amatenga masabata awiri mpaka anayi kuti aoneke ntchito yake, pomwe kuuma kukamwa, tulo ndi kudzimbidwa zimabwera tsiku loyamba lomwe. Ndiye anthu amawasiya sabata isanathe. Abambo achikulire ovutika pokodza ndi odwala mtima asamale nawo. Gabapentin amayambira pa 300 mg usiku n'kumakwera mpaka katatu patsiku, ndipo mlingo umatsitsidwa ngati impso zafooka. Pregabalin ndi duloxetine amagwiranso, koma ndi odulirapo. Onsewa sasiyidwa mwadzidzidzi. Carbamazepine, amene nthawi zina amalembedwanso pa ululu wa mitsempha, amatsitsa mphamvu ya dolutegravir (mmodzi mwa ma ARV) m'magazi, choncho amene ali pa ma ARV anene asanalembedwe mankhwalawa. Tramadol amazolowereka, si wa miyezi. Mafuta a capsaicin (chomwe chimawawitsa tsabola) a 0.075% amapakidwa katatu kapena kanayi patsiku, amayamba ndi kuwotcha masabata oyamba kenako n'kuziziritsa. Izi sizikutanthauza kuti musinje kambuzi n'kupaka. Ndipo ngakhale mankhwala abwino, ululu ukatsika ndi theka n'kukulolani kugona, agwira ntchito.

June ndi July kuno amapweteketsa mapazi ambiri. Phazi la dzanzi limamva kuzizira m'kati, mwini wake n'kulisendeza pa mbaula kapena kuliviika m'madzi otentha, matuza n'kuwaona m'mawa. Madzi yesani ndi chigongono. Valani masokosi athonje osathina m'malo moyandikira moto. Kutumulani nsapato musanavale, osayenda chosavala ngakhale m'nyumba, ndipo madzulo aliwonse yang'anani pansi pa phazi ndi pakati pa zala, ndi galasi ngati kuwerama kukuvuta. Chilonda, kusintha mtundu kwa khungu, phazi logwa poyenda, kufooka kokwera m'masiku ochepa, kapena kulephera kugwira mkodzo, zimenezo n'zothamangira nazo kuchipatala tsiku lomwelo.