Chikuto cha Kindle yanga: pomwe ndafika

Kuyambira pomwe achemwali anga ananditumizira Kindle, kachipangizo kowerengerapo mabuku, kuchokera ku Johannesburg, ndakhala ndikuyenda nayo m'chikwama nditaikulunga m'duku. Ndi Paperwhite ya 2021, ija ya sikirini ya mainchesi 6.8. Mwezi watha ndikutsika minibasi ku Limbe duku lija linamasuka, makiyi a nyumba n'kuikanda kumsana. Galasi linapulumuka, koma mtima sunakhale m'malo mpaka nditatsimikiza zoisokera chikuto chakechake, chotseguka ngati buku.

Loweruka loyamba

Ndinayamba ndi kuyeza: masentimita 17.4 mulitali, 12.5 mulifupi, ndipo kuchindikala kwake ndi mamilimita 8 okha. Nsalu yakunja sindinagule. Ndinatenga chitenje chobiriwira chamaluwa achikasu chimene amayi ankaberekera mng'ono wanga. Pakati chinaperepeseka kalekale, koma m'mbali chikadali cholimba. Ubwino wa chitenje chakale n'ngwakuti chinachapidwa kambirimbiri, sichingafupikenso kapena kutulutsa utoto. Chatsopano chimafunika kuchichapa kaye, apo ayi chikuto chidzakhwinyata tsiku loyamba kunyowa.

Ya m'kati ndinadula ku malaya ofewa a pa kaunjika, aja aubweyaubweya ovala nthawi yozizira, chifukwa ndiyo izikhudza galasi. Zolimbitsira ndinachotsa pa kope lakale la chikuto cholimba, n'kuyalapo kasiponji kopyapyala.

Madzulo ake ndinasoka nsalu ziwirizo chotembenuza, n'kusiya mbali imodzi yolowetsera katoni. Nditatembenuza, katoni inakana kulowa. Ndinaikakamiza, msoko wa pakona n'kuphulika. Chinandiwawa kwambiri n'chakuti chitenje cha amayi chinali chitatsala chongokwana kuyesa kamodzi kokha.

Lachiwiri

Ndisanagwirenso sizasi ndinapita nacho kwa atelala amene amakhala pakhonde la golosale kumtunda kwathu. Anachitembenuza, anayendetsa chala mumsoko, kenako anati: "Mayi, munayeza Kindle, koma katoni ndi siponji simunaziyeze. Nsalu ikamazungulira chinthu imadya malo." Anandionetsanso kudula nsonga za m'makona ndisanatembenuze, kufupi ndi ulusi koma osaukhudza, kuti kona ituluke yosongoka m'malo mokhala kamfundo. Ndinawafunsa kuti ndiwapatse zingati, iwo anangopukusa mutu n'kupitiriza kupalasa makina awo.

Loweruka lachiwiri

Ulendo uno ndinayamba ndadula nyuzipepala, n'kuipinda mozungulira katoni ndi Kindle yomwe, ndisanayandikire nsalu. Miyezo imene yatheka ndi iyi. Makatoni awiri, iliyonse masentimita 18 mulitali ndi 13 mulifupi. Pakati pawo mpata wa masentimita 2, umene ndi msana wa chikuto. Nsalu ndinadula 31 kwa 21, n'kusoka sentimita imodzi kuchokera m'mphepete. Theka la sentimita lotsala mbali iliyonse ndilo linasowa ulendo woyamba uja.

Chogwira Kindle ndi timalasitiki tinayi topingasa m'makona. Timeneti tisokereni pa nsalu ya m'kati musanailumikize ndi yakunja, kuti mapeto ake abisale mumsoko. Poyamba ndinkafuna kusoka kathumba m'munsi koti Kindle izikhalamo, koma batani loyatsira ndi polowetsera chaja ya USB-C zonse zili m'mphepete mwa m'munsimo. Kathumba kakanatseka pa chaja, ndiponso kakanamadina batani lija chikwama chikagwedezeka. Malasitiki amasiya mbali imeneyo poyera, ndipo ndimatchaja osaivula chikuto.

Makina anga ndi Singer yopalasa ndi miyendo, nayonso ya amayi. Pofika m'makona, pomwe pakumana chitenje, nsalu ya m'kati ndi lasitiki, singano ya nambala 14 inayamba kudumpha. Ndinaika ya 16, ndipo pamalo pokhuthalapo ndinkazunguza gudumu ndi dzanja, kubaya kumodzikumodzi, ndikumva singano ikuboola. Nditatembenuza ndinakankha makona ndi chotokosera chosathwa, n'kusita ndi simbi ya makala poti magetsi anali atazima. Musanyalanyaze kusita. Ndiko kumasiyanitsa chikuto ndi thumba wamba.

Katoni inalowa bwinobwino, osathina osakhwepa. Ndinasoka mizere iwiri m'mbali mwa msana kuti makatoni asamayendeyende, ndipo polowetsera paja ndinatseka ndi dzanja, ndi ulusi wobiriwira kuti usaoneke. Duwa limodzi lachikasu lagwera pakati penipeni pa chikuto chakutsogolo, monga ndinalembera ndi choko. Amayi atachiona anachisisita nthawi yaitali, n'kunena kuti chitenjecho anagulira ku Zomba ine ndili Sitandade 2.

Zotsala

Chotsekera sindinaike. Ndili ndi batani la mtengo ndi kachingwe ka lasitiki, koma ndikuopa kuti batani lingadinde galasi chikwama chikapanikizika mu minibasi, ndiye mwina ndingoika lasitiki yaitali yozungulira kuchokera kumsana. China ndi maginito. Paperwhite imadzuka ndi kugona yokha ngati chikuto chili ndi maginito pamalo poyenera. Ndachotsa kakang'ono pa chikwama chakale, ndipo Loweruka likubwerali ndikayendetsa pang'onopang'ono m'mphepete mwa Kindle mpaka sikirini igone. Pamenepo ndidzalemba ndi choko, n'kumasula pang'ono msoko wa dzanja uja kuti ndikalowetse.