Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Usiku umene ndinaliza wisulo

Mu Seputembala 2017 ndinkagulitsa nanazi pa Chitakale. Mphekesera za anamapopa zitafika, anthu akumati zalowera ku Muloza kuchokera ku Mozambique, ine ndinangopukusa mutu. Ndinkakumbukira za 2002, nthawi ya a Bakili Muluzi, pomwe nkhani yomweyi inabuka n'kuzilala popanda aliyense kuonetsa ngakhale kabotolo ka magazi.

Kenako tinayamba kugona panja. Mudzi wonse pabwalo limodzi, amayi ndi ana pakati, ife amuna m'mbali ndi zibonga, mawisulo ali m'khosi. Munthu ukatha sabata ziwiri osagona, mtima ukungogunda ngati ng'oma, makutu amayamba kusankha zomva. Mayi wina akati wadzuka ali lefu ndipo m'nyumba mukumveka fungo lachilendo, ndinkavomera pomwepo, osafunsa kanthu. Koma madokotala atanena kuti sanapeze umboni woti wina wapopedwa magazi, ndinati awagula amenewo. Bungwe la United Nations litachotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe mu Okutobala, tinati akuthawa chifukwa akudziwa kanthu. Chonsecho ankathawa ife, poti anthu osalakwa anali ataphedwa kale m'misewu. Ngakhale kubwera kwa a Peter Mutharika kudzamva madandaulo athu sikunanditsitse mtima.

Zimandiwawa kulemba izi, koma ndilemba.

Usiku wina tinamva njinga ikubwera mumdima, yopanda nyali. Munthu wake anabereka chikwama. Woyamba kuliza wisulo ndinali ine. Anyamata anamuzungulira, wina atakweza kale chibonga, iye akungoti, "Ndine, ndine!" Mawuwo ndinkawadziwa kuyambira ubwana, koma m'makutu mwanga sanalowe.

Agogo anga aakazi ndi amene anadzikoka ndi ndodo yawo n'kundigwira dzanja.

"Mdzukulu wanga, tayamba wamuunika kumaso."

Ndinayatsa tochi ya pafoni. Anali mwana wa aneba athu, amene tinkasaka naye mbewa tili ana. Njinga inamuphwera pochokera kumsika wa Limbuli, n'chifukwa chake anachedwa. M'chikwamamo munali shuga, sopo ndi usipa.

Anandiyang'ana nthawi yaitali osanena kanthu, kenako anatola njinga yake. Manja anga ananjenjemera mpaka tambala woyamba. Ndipo mawa lake madzulo ndinatenganso mphasa ndi wisulo yanga, kubwerera pabwalo paja.