Mawu Achiwiri a Piyano ya ku Makwasa

Popeza ena mwa inu mwayamba kundiimbira mluzu ndikamadutsa pamsika wa Luchenza, ndaona kuti ndi bwino ndifotokoze ndekha zomwe zinachitika, chifukwa nkhani imene ikuyendayo yathiridwa mchere wambiri. Si zoona kuti ndinathawa n'kusiya buluku m'nyumba ya eni ake. Bulukulo ndinali nalo m'manja.

Akwaya anatuma ine kukaona piyano imene ankafuna kugula chifukwa ndine ndimaimba kiyibodi kutchalitchi, ndipo ndinapita ndi wapampando wathu ku nyumba ina yakale ya pa esiteti ya tiyi cha ku Makwasa. Tisanalowe n'komwe, ndinayamba kuphunzitsa wapampando ndi mlonda wa pamenepo kuti piyano yathunthu imakhala ndi makiyi 88, oyera 52 ndi akuda 36, kuti m'kati mwake muli nsambo zachitsulo zoposa 200, ndiponso kuti mdani wake wamkulu ndi chinyezi, chomwe Chiperoni amatibweretsera osaitanidwa, chimene chimafufumitsa matabwa ndi kuchititsa dzimbiri pa nsambo. Ndinagogoda m'mbali monse kuti ndimve ngati chiswe chinadyamo, kenaka ndinatsegula chivundikiro chapamwamba n'kuunika ndi tochi ya foni. Nsalu yaubweya imene imakuta tinyundo tomenya nsambo inali yodyeka apa ndi apo, ndipo ine ndinalengeza kuti ndi njenjete. Mlonda anangotsokomola.

Ndinayamba kudina makiyi limodzilimodzi kuchokera kumanzere. Angapo ankatsika osabwereranso, koma zimenezo ndinkaziyembekezera. Nditapitirira pang'ono pakati, ndinadina kiyi lina loyera ndipo pamwamba pa kulira kwa nsambo panamveka kamawu kena kakang'ono kuti tswii. Ndinadinanso, n'kumvekanso tswii. Pamenepo ndinatsinzina, ndinapendeketsa mutu monga amachitira akatswiri, ndipo ndinauza wapampando mwachifatse kuti mapiyano akale ochokera ku Ulaya amakhala ndi mawu achiwiri oterewa, ndipo ndi amene amakweza mtengo wake. Wapampando anatulutsa kope n'kulemba. Ndinadina kachitatu, kachinayi, mpaka ndinayesa kutsatira kamawuko ndi kholingo langa kuti ndione ngati asopulano athu angakafikeko. Nditakhutira, ndinachotsa manja n'kuwapinda pachifuwa, ndipo piyano inalira yokha kuti tswii.

Munthu wanzeru akanaimira pomwepo. Ine ndinawerama n'kuchotsa thabwa lakumunsi, pamwamba pa zopondera, ndipo ndinapeza chisa chaukhondo cholukidwa ndi nsalu yomweyo ya tinyundo pamodzi ndi masamba a buku la nyimbo. Mwini chisa, khoswe wamkulu ngati mwana wa kalulu, anandiyang'ana kanthawi, anaona kuti khomo lapafupi ndi mwendo wa buluku langa, ndipo analowa.

Gule amene ndinavina m'chipinda chija sanali tchopa, ngakhale mlonda akuumirira kuti mapazi ankagwirizana ndi ng'oma. Khoswe anakwera mpaka pabondo, anapumira pamenepo, n'kupitiriza ulendo. Wapampando, mmalo mondithandiza, anakwera pampando wa piyano n'kuyamba kupemphera mokweza. Mlonda yekha ndi amene anayankhula zomveka: "Bambo, vulani basi, mumupatse njira mnzanuyo." Ndinamvera uphungu wa munthu wamkulu, ndipo ndi mmene ndinapezekera pakhonde, pamaso pa amayi othyola tiyi amene ankabwerera kokayezetsa madengu awo.

Komabe ndikupempha kuti pakunyoza kwanu muzikumbukira kuti ndinatumidwa kukapeza vuto ndalama za kwaya zisanatuluke, ndipo vutolo ndinalipeza, ndinalinyamulanso ndekha mpaka panja. Ndiponso khoswe uja sankaphonya mawu, ankalira molingana ndendende ndi kiyi lija, moti aliyense wa makutu abwino akanasokonezeka.

Piyano idakali komweko. Wapampando sanafufutebe zimene analemba m'kope, ndipo ndamva kuti akufuna kukaziwerenga pa msonkhano wa Loweruka.