Za Matchaina zija ndakhala ndikuziganizira

Dzulo ndadutsa pa nyumba ya Malamulo ku Lilongwe kuja ndiye maganizo anangondibwerera, kuti abale Matchaina afika patali bwanji. Kumbukirani kuti mpaka 2007 ife Malawi tinali paubale ndi Taiwan, anatimangira mpaka chipatala chachikulu cha Mzuzu, koma Bingu anatembenukira ku Beijing ndipo posakhalitsa tinangoona Palamenti yaima, msewu wa Karonga-Chitipa, yunivesite ya MUST ku Thyolo, kenako sitediyamu ku Area 48. Pano mu Africa monse muno dziko lomwe latsala ndi Taiwan ndi Eswatini yokha basi.

Nde si kuno kokha ayi. Mu 2010 chuma cha China chinapitirira cha Japan nkukhala chachiwiri padziko lonse, ndipo mu 2023 Saudi Arabia ndi Iran, maiko oti samamwerana madzi, anakagwirizana ku Beijing konko. Foni ndikulembera iyiyi ndi Tecno, kampani yake ili ku Shenzhen ku China, ya mayi anga kumudzi ndi ka Itel, kochokeranso komweko.

Ineyo sindikana, chitukukocho ndikuchiona ndi maso. Chimene chimandisowetsa tulo ndi ngongole, poti zina mwa zinthuzi monga sitediyamu sizinali mphatso, ndalama zake tidzabweza ndithu ife ndi ana athu, komanso zimandiwawa kuti fodya ndi soya wathu akumachokabe wosakonza pomwe ife tikuoda kwawoko chilichonse mpaka maloko ndi masilipasi. Bwanji akuluakulu athu akamasaina mapanganowo osalimbikira zoti mafakitale adzamangidwe konkuno, achinyamata athu aphunzire ntchitozo?